Kope la Zakeyo

Ukwati wa Jessie Manda ndi Zakeyo Mhone unalengezedwa koyamba m'tchalitchi mwezi wa Juni, chaka cha 1955. Lamulo la mpingo aliyense ankalidziwa: amalengeza masabata atatu otsatizana, ndipo amene akudziwa chifukwa choletsa ukwatiwo amanena. Tsiku limenelo palibe anaimirira, koma kumbali ya amayi anthu anagundana zigongono mpaka benchi linalira. M'mudzi umenewo, kumwera kwa Kande, nkhani ya mwini ankaitafuna ngati nzimbe.

Jessie anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, msinkhu umene masiku amenewo mbeta inkayenda nawo choweramitsa mutu. Osati kuti anali wosaoneka bwino, ayi ndithu. Chinamuchedwetsa ndi chikole. Mnyamata wina dzina lake Edwin, popita ku Halale kukafuna ntchito, anamusiyira mpango ndi kagalasi kodziyang'anira, n'kumuuza kuti adikire chaka chimodzi. Jessie anadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Makalata analeka kubwera chaka chachiwiri, iye osataya mtima, mpaka munthu wina wobwerera kwawo anangotchula m'macheza kuti Edwin uja ali ndi mkazi ndi ana atatu. Mwiniwakeyo sanalembe ngakhale mzere umodzi womumasula. Chimenechi ndicho chinamupweteka Jessie kuposa mkazi ndi anawo.

Tsono Zakeyo naye sanali mkamwini woti makolo n'kumuvinira. Anali mtchona. Anachoka ali mnyamata, wapansi, kulowera ku Joni, n'kukapezeka akutsuka mapoto m'sitima za pa nyanja ya mchere ku Durban. Sitima ina yonyamula katundu wa nkhondo inakamutula ali wodwala pa doko la Pusani, m'dziko la Koreya, ndipo atachira anakhalako chaka ndi theka akuphikira azungu a padokopo. Anzake ankabwerera ndi njinga, makina osokera, magalamafoni. Iye anatsika sitima ku Nkhata Bay ndi sutikesi imodzi, chifuwa chosamva mankhwala, ndi buku.

* * *

Buku limenelo ndilo linawakumanitsa. Linali lophunzitsa Chikoreya, koma mafotokozedwe ake anali m'Chingerezi, ndipo Chingerezi cha Zakeyo chinali cha kukhitchini: mchere, anyezi, fulumira. Jessie anafika Sitandade 5. Choncho masana aliwonse, Jessie akapita kudziwe kumene ankaviika chinangwa, ankamupeza munthu uja atakhala pa muzu wa mango, buku lili pabondo, kope lokutira pepala la khaki lili m'manja.

Lachiwiri la sabata imene ukwati unalengezedwa, analinso pomwepo.

"Kamunida," anatero Jessie, chala chili pa zilembo zija zonga timipanda ndi timiphika. "Ndiye kuti ndikupita. Nanga ngati munapita dzulo?"

Zakeyo anakanda m'mutu. "Kagesumunida."

"Amenewo ndi mawa, a Mhone, mwalumpha tsiku. Dzulo ndi kasumunida. Koma inu, chaka ndi theka kwa eni ake, munkalankhula ndi manja?"

"Ndinkalankhula ndi mimba. Mpunga, madzi, zikomo. Za dzulo ndi za mawa sindinkazifuna."

"Lero mukuzifuniranji?"

"Munthu asaiwale kumene anayenda," anayankha Zakeyo, maso ali m'kope.

Chilungamo chake n'chakuti wophunzitsayo anamuposa kale mwini buku. Jessie mutu unali wakuthwa, ndipo chinthu chimenechi chinkamusangalatsa: mawu amodzi omwewo, ukangosintha kumchira, akusamutsa kuchoka dzulo kufika mawa. Ankawayeseza posinja, ankawayeseza potunga madzi, mpaka nkhuku za pakhomo zinazolowera.

Zakeyo anali ndi chizolowezi chimodzi. Pakapita masiku angapo ankabwera ndi liwu limodzi kapena awiri atakopera pa kapepala, n'kupempha Jessie awafufuze kumapeto kwa buku. Mawu ake anali osasangalatsa: kuzizira, kudwala. Kenaka tsiku lina anabwera ndi agi, Jessie n'kupeza kuti ndi mwana wamng'ono. Sabata yotsatira anabwera ndi aboji, kutanthauza atate. Apa Jessie anachita manyazi okoma. Anati mumtima mwake, taonani munthu wamanthayu, pakamwa sanena koma akuganiza kale za ana athu. Anapita kunyumba akumwetulira yekha njira yonse.

Liwu lomaliza linali kudikira. Jessie analilemba m'kope katatu monga ankachitira ndi ena onse: kidarimunida, ndikudikira, kidaryosumunida, ndinadikira, kidarigesumunida, ndidzadikira.

"Limeneli ndiye musandivutitse nalo," Jessie anaseka tsiku limenelo. "Sukulu yake ndinamaliza kalekale."

Zakeyo sanaseke nawo, anangotsokomola.

Panali kanthu kamodzi kamene kankamukanda Jessie, ngakhale ankakakankhira kumbali. M'mudzimo kalata sinali ya munthu mmodzi. Ikabwera kuchokera ku Joni kapena ku Halale, inkawerengedwa mokweza pakhonde la a Yakobe Longwe, mkulu wa mpingo, abale onse ali chete kumvetsera. Makalata a Edwin omwe anawerengedwa pamenepo. Koma m'mwezi wa Malichi Zakeyo anayenda yekha mpaka ku positi ku Chintheche, n'kubwerako ndi kalata imene sinafike pakhondepo. Jessie anamufunsa kamodzi kokha.

"Ndi ya mnzanga amene tinkaphika naye," anatero Zakeyo. "Akungopereka moni. Akuti kwawo kwabadwa mwana."

Jessie anakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira.

Lachiwiri lija atamaliza kuwerenga, Jessie anatsikira kudziwe kukavuula chinangwa. Dengu litadzaza, Zakeyo anasiya kope pa muzu n'kutsikira komweko kukamutwika pamutu. Sanachedwe. Pobwerera anapeza buku lili pomwepo, kope palibe. Pamchenga panali mapazi ang'onoang'ono olowera kumudzi.

Jessie anali asanaonepo nkhope ya munthu wamkulu ikuchita phulusa chotero.

"Ndi kope chabe," anamutonthoza. "Tilemba lina."

Zakeyo sanamve n'komwe. Ankafukula masamba ouma ndi manja ngati wataya singano.

* * *

Mapazi aja anali a Chrissy, mwana wa a Yakobe. Jessie atate ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo iye ndi amayi ake ankakhala pakhomo pa a Yakobe, amalume ake, amene kumeneko amati asibweni. Chrissy ndi Jessie anakulira pa mphasa imodzi. Koma Zakeyo atangofika kumene, Chrissy ndiye anayamba kumutumizira mbale ya mtedza wokazinga, kawiri konse, ndipo mbale inkabwerera ndi mawu amodzi okha akuti yewu, zikomo wa kumeneko. Mtsikanayo sanaiwale.

Jessie atafika ndi dengu, anapeza a Yakobe atakhala pa mpando wawo wa ndalema, kope lili patebulo, atalitsendereza ndi Baibulo ngati lingathawe. Chrissy anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Tula dengulo, ukhale pansi," anatero a Yakobe. "Izi n'chiyani?"

"Ndi Chikoreya, asibweni. Chilankhulo cha kumene a Mhone ankagwira ntchito."

"Ine ndawerenga makalata a mudzi uno zaka makumi atatu. Chingerezi ndachiona, Chizulu ndachiona, Chibunu ndachiona. Chilankhulo chimalembedwa ndi a, b, c. Izi ndi mphanda ndi zigoba."

"Ine ndinazionapo, ada," Chrissy analowerera. "Ku Kotakota, kwa azakhali. Sing'anga amalemba zoterezi pa pepala, amapinda, n'kusokera m'chithumwa. Zina amasungunula m'madzi munthu n'kumwa."

"Iwe Chrissy, ukudziwa kuti ukunama."

"Ndikunama? Nanga amene amang'ung'udza posinja ndani? Sumunida, sumunida, maso ali gwa. Kale unkatero? Aphunzitsi a Lyson anakufunsira, munthu wa nyumba ya njerwa, iwe n'kuwakana chifukwa cha mtchona wachifuwa. Munthu wabwinobwino angatero? Anakudyetsa zilembo, mbale wanga, ine ndikukumvera chisoni."

Chisoni chake chinali chotani, pakamwa pakumwetulira.

A Yakobe sanali munthu woipa, koma anali asanamufunepo Zakeyo. Zaka zisanu ndi zinayi munthu osalemba kalata, osatumiza ngakhale bulangete kwa mlongo wake, lero abwere atenge mwana wa pakhomo pawo? Anavomera ukwati ndi mano okha. Tsopano anapeza pogwira.

"Lamulungu lino ukwati sulengezedwa," anatero. "Abusa akubwera Loweruka, Seshoni ya akulu a mpingo ikhala. Zikapezeka kuti n'zithumwa, kopeli tiwotcha pabwalo la tchalitchi, ndipo mwini wake adulidwa mumpingo chaka chathunthu. Pambuyo pake tidzaona."

"Chaka, asibweni?"

"Wadikira zisanu ndi chimodzi. Chimodzi chikupha?"

Jessie anamva mawuwo akumulowa m'mafupa. Anadzuka, natenga dengu lake, n'kukayanika chinangwa pathandala.

* * *

M'mawa mwake, pansi pa mwala umene ankatsenderezera chinangwa kudziwe, anapeza kapepala. "Loweruka musabwere. Ndikavomera ndekha. Z."

Anawerenga kawiri, n'kusiya dengu pomwepo. Anamupeza Zakeyo kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, atakhala pa mtondo wogwetsa, akuyang'ana pansi.

"Timuoneni," anatero Zakeyo monyinyirika.

"Moni wanuyo sungani. Mukavomera chiyani? Kuti ndinu mfiti?"

"Ndikavomera kuti ndinalakwa kusunga zinthu zimene mpingo sukuzidziwa. Ndikapempha kuti asawotche, angondibwezera, ndikazitaya ndekha. Andidule. Chaka chimodzi si kanthu, nyaManda."

"Mawu amenewo ndinawamvapo kale, kwa munthu wina."

Jessie anasendera pafupi naye.

"Tamverani, a Mhone. Ine ndatopa kukhala mtsikana pakhomo pa eni. Ana amene ndinawabereka kumsana ali ndi ana awo. Ndikadutsa pachitsime anthu amasiya nkhani. Masabata awiri okha atsala kuti ndikhale ndi khomo langa, ndiye inu mukufuna mugonje chifukwa cha bodza la Chrissy? M'kope muja muli chiyani? Kupita, kubwera, kudya, kudikira. Ndikawawerengera ndekha, liwu ndi liwu, mpaka achite manyazi."

"Musatero."

"Chifukwa?"

Zakeyo anatsokomola nthawi yaitali. Atapuma anamuyang'ana ndi maso ofiira. "Jessie, pali chinthu chimene ndakhala ndikufuna kukuuzani. Ndinkati ndiyambe ndamvetsa bwino ndekha, kenaka..."

Jessie anabwerera m'mbuyo. Anadziwa kuti chimene chikubweracho n'cholemera, ndipo anachita mantha. Apa ndiye pamene analakwitsa, pakuti m'malo momvera anatseka khomo ndi manja ake omwe.

"Mudzandiuze tikakwatirana," anatero msangamsanga. "Mtchona aliyense ali ndi zake. Ngati munaba, ngati munamangidwapo, ngati munkamwa mowa, ine sizikundikhudza. Loweruka ndibwera."

Anatembenuka n'kumapita asanayankhidwe. Kumbuyo anamva dzina lake likuitanidwa kamodzi, koma sanacheuke.

* * *

Loweruka m'mawa Seshoni inakhala m'tchalitchi, mawindo ali otsegula. Kutsogolo kunali abusa, munthu wokalamba wolankhula pang'onopang'ono, ndi akulu a mpingo asanu. Pambali, ndi buku la zokambirana ndi cholembera, panali mlembi wa Seshoni, amene sanali wina koma aphunzitsi a Lyson, okanidwa aja. Chrissy ananena zake n'kukhala kumbuyo. Zakeyo atafunsidwa anayamba kudzandira ndi mawu ake ovomera, koma Jessie anaimirira asanamalize.

"Abusa, pepani. Zilembozo ine ndimaziwerenga. Ndi chilankhulo cha anthu ngati ife."

Akulu aja anayang'anana. Lyson ndiye anamwetulira.

"Ngati ndi chilankhulo, n'chapafupi," anatero. "Anthu awiri odziwa chilankhulo chimodzi amawerenga mofanana. A Mhone atuluke, akaime pa mtengo uko kumene sangamve. Ine ndiloza mzere, nyaManda awerenge n'kumasulira, ndilembe. Kenaka nyaManda ayang'ane kukhoma, a Mhone alowe, awerenge mzere womwewo. Zikasiyana, tidziwa kuti n'zopeka."

Abusa anavomera kuti nzeruyo ndi yachilungamo. Zakeyo anatuluka.

Lyson anatsegula kope pakati, naloza ndi cholembera, osalikhudza ndi chala.

"Wasumunida," anawerenga Jessie. "Ndinabwera."

Analoza pena.

"Mogosumunida. Ndinadya."

Analoza kachitatu, pansi penipeni.

"Kagesumunida. Ndidzapita."

Jessie anatembenukira kukhoma. Zakeyo analowa. Woyamba anawerenga bwino, wachiwiri bwino. Pa wachitatu anaima, ndipo Jessie, mphuno ili pafupi ndi njerwa, anapemphera kuti munthuyu lero lokha asalumphe tsiku.

"Ndi... ndidzapita," anatero Zakeyo.

Mkulu wina anaseka chapansipansi. Abusa anavula magalasi. "Abale, apa palibe chithumwa. Mulungu anasokoneza malilime pa Babele, ndipo si onse anapatsidwa a, b, c. Mlembi, bwezani kope kwa mwini wake."

Jessie anasiya kuyang'ana kukhoma. Anacheukira Chrissy, namupeza akuluma mlomo. Zinatha, ukwati ulengezedwa mawa.

Koma Lyson, tsopano mantha a kope atamuchoka, analigwira ndi manja onse awiri, ndipo zala zake zinamva kuti chikuto chakumbuyo n'chonenepa kuposa chakutsogolo. Pepala la khaki lija linali losokedwa ndi ulusi m'mphepete. Anatulutsa kampeni kake kosongolera pensulo.

"Aphunzitsi, musang'ambe," anatero Zakeyo.

Ulusi unaduka. Patebulo panagwa pepala lopyapyala, lopindidwa kanayi. Lyson analifunyulula. Mbali imodzi linali lodzaza zilembo zomwe zija, koma zing'onozing'ono, za dzanja lina. Atalitembenuza, akulu onse anabwerera m'mbuyo pa mipando yawo. Panali chithunzi cha kadzanja ka mwana, kozunguliridwa ndi pensulo, zala zisanu, chala chachikulu chitapotoka pamene mwanayo anasuntha.

"Dzanja la mwana," ananong'ona a Yakobe. "Losokera m'kati. Abusa, mukuti palibe chithumwa?"

"Abusa, ndiloleni ndinene," anayamba Zakeyo.

"Munena nthawi yanu ikakwana," Lyson anamudula. "Muyeso ndi womwe uja. Tulukani."

Abusa anagwedeza mutu kuvomereza. Zakeyo anayang'ana Jessie kamodzi, n'kutuluka akukoka miyendo.

Lyson anamupatsa Jessie pepalalo. Zambiri sakanatha kuwerenga, koma sanafunikire zambiri. Mawu amene ankawadziwa ankatumphuka okha, ndipo anali m'ndondomeko yomwe Zakeyo ankawabweretsera pa timapepala. Mzere wachiwiri, kuzizira. Wachinayi, kudwala, ndipo pambali pake agi. Kenaka agi kachiwiri, ndi aboji. Kumapeto kwenikweni, pamene pensulo inakanikizidwa mpaka kuboola pepala, panali mawu awiri amene iye mwini anawalemba m'kope akuseka: kidarimunida, kidarigesumunida. Ndikudikira, ndidzadikira.

Mwana uja amene anapita naye kunyumba akumwetulira sanali wake. Analipo kale, ndipo dzanja lake ndi ili. Miyezi itatu yonse iye Jessie ankamasulira kalata ya mkazi mnzake, liwu ndi liwu, pansi pa mango.

"Tikumvera, nyaManda," anatero Lyson.

Jessie anafuna kulira, anafuna kung'amba pepalalo, anafuna kutuluka akamumenye nalo kumaso. Koma anaonanso pakhomo pa asibweni ake, mphasa yomwe ija, zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ndipo anakumbukira bodza limene Zakeyo anamuuza m'Malichi. Munthu akanama kamodzi amabwereza bodza lomwelo, anaganiza motero. Ndikanena lomwelo, tifanana.

"Ndi kalata ya mnzawo amene ankaphika naye," anatero, mawu ali phee ngati akuwerenga vesi. "Akupereka moni. Akuti kwawo kwabadwa mwana, ndipo dzanjali ndi la mwanayo, kuti a Mhone aone mmene wakulira."

"Ukunena zoona pamaso pa Mulungu ndi Seshoni?" anafunsa abusa.

"Zoona, abusa."

Lyson analemba. Jessie anatembenukira kukhoma.

Anamva mapazi a Zakeyo akulowa, n'kuima. Anadziwa kuti akumuyang'ana kumsana, ndipo anayesetsa kuti mapewa asagwedezeke, koma anagwedezeka. Zakeyo anawaona. Anaganiza kuti Jessie wawerenga, wanena zonse, ndipo chatsala n'chakuti iye asamusandutse wabodza.

"Sindiwerenga, ndingonena," anatero. "Kalatayi ndi ya mayi wa mwana wanga. Dzina lake ndi Yonja. Ankachapa zovala padoko, ndipo ndi amene anandidwazika. Tinakhala m'nyumba imodzi. Mwanayo ndi wamkazi, ndinamusiya ali ndi miyezi inayi pamene azungu anatikweza sitima. Akuti kukuzizira, mwana akudwaladwala, ndipo anthu akumusala chifukwa cha khungu lake. Zina sindinazimvetsebe. NyaManda sankadziwa kanthu. Zimene wakuuzanizo n'zoona."

Kenaka Lyson anakonza kukhosi, n'kuwerenga mawu a Jessie aja pang'onopang'ono, osasiya ngakhale limodzi, mpaka pa "Zoona, abusa."

Chigamulo sichinachedwe. Za chithumwa zinathera pomwepo. Zakeyo anadulidwa mumpingo kufikira nkhani ya mkazi wa ku Koreya itamveka mutu wake. Jessie, chifukwa chonama pamaso pa Seshoni, anaimitsidwa mgonero chaka chimodzi. Ukwati unafufutidwa m'buku la zolengeza, ndipo anafufuta ndi Lyson, ndi rula, mzere wowongoka bwino.

* * *

Kunja dzuwa linali paliwombo. Chrissy anadutsa mofulumira osayang'ana munthu. Zimene anafukula zinamukulira iye yemwe. A Yakobe anaima pafupi ndi Jessie, chipewa chili m'manja.

"Wandivula pamaso pa abusa," anatero motsitsa. "Koma aphunzitsi akuti iwo akadali okonzeka kukutenga, ndi manyazi akowa. Uwayankhe pofika Lamulungu linalo, la mawa likadutsa. Ukakana, pakhomo panga uchokepo, udziwe kolowera."

Anavala chipewa n'kumapita.

Zakeyo anali pa mtengo uja anamuimikapo, kope long'ambika chikuto lili m'manja. Jessie anapita n'kuima patsogolo pake. Misozi inali itauma, kunatsala mkwiyo wozizira.

"Bwanji simunabwereze bodza lanu?"

"Ndinkayesa mwanena zoona."

"Ine ndinanama chifukwa cha inu, inu n'kunena zoona chifukwa cha ine. Taonani pamene tafika." Anapuma. "Pochoka munamuuza chiyani?"

Zakeyo anayang'ana kumbali. "Ndinati ndidzabwera pakatha chaka."

"Chaka chimodzi."

"Eya."

"Papita zingati?"

"Chachiwiri chikutha."

"Mwamulembera?"

"Ndikanalemba bwanji? Kuwerenga komwe mwaona mmene ndikuvutikira. Ndinkati ndikadziwa, ndilembe. Kenaka ndinakukondani, Jessie, ndipo ndinayamba kuopa kudziwa."

Jessie anamukhulupirira, ndipo chimenecho chinamuwawa koposa. Ankamukondabe, chitsiru cha munthu chimenechi. Koma m'maso mwake munkabwera mkazi amene sanamuonepo, atagwira kadzanja ka mwana pa pepala kuti kasasunthe, akupita kudoko sitima iliyonse ikalira. Chaka chachiwiri ankachidziwa bwino Jessie. Ndi chaka chimene umayamba kunamizira a positi.

Analanda kope, nakhala pa muzu, n'kutsegula tsamba loyera. Anasolola pensulo m'thumba la malaya a Zakeyo osapempha.

"Ine Edwin sanandiyankhe," anatero. "Uyu ayankhidwa lero. Ndilemba ndine, poti inu za dzulo ndi za mawa mumazisokoneza. Za ine ndi aphunzitsi zisiyeni, ndi mtolo wanga. Inu mungonena chimodzi. Ndilembe kuti mudzapita, kapena kuti simudzapita?"

Zakeyo anafunyulula kalata ija, imene anamubwezera pamodzi ndi kope. Anayang'ana kadzanja kaja, anayang'ana Jessie. Chifuwa chinamugwira, natsokomola mpaka kugwira mtengo.

Jessie anaika nsonga ya pensulo pa pepala, n'kudikira.